Kabotolo ka Mayi Wakolera

Mayi Wakolera ankaphika chakudya chopanda mchere, ndipo ankachigulitsa. Ndayambira pamenepa kuti inu amene simunadyeko kwawo musadzimvere chisoni kwambiri. Kwa zaka khumi ndi zisanu, msewu wathu wonse unkapita masana alionse kukadya mpunga ndi nyemba zimene mchere zinangoumvera pa wailesi. Ukadandaula, iwo ankatulutsa mutu pa kawindo ka kukhitchini, n'kukuyang'ana kuyambira tsitsi mpaka nsapato, kenaka n'kunena mawu amodzi okha: "Wakolera." Dzina lawo linachokera pamenepo. Lenileni anali nalo, koma silinkawakhala.

Zonsezi zinayambira kuchipatala. Dokotala atawayeza anawauza kuti ali ndi bipi, magazi awo akuthamanga kwambiri, asiye mchere. Munthu wina akanangodziphikira kapoto kake pambali. Mayi anaona kuti si chilungamo kuti adwale okha ife tikunjoya. Tsiku lomwelo anabwerera ku lesitilanti yawo n'kulengeza kuti tonse tili ndi bipi.

"Koma ine anandiyeza mwezi wathawu, ndili bwinobwino," anatero ometa tsitsi a pafupi ndi shopu yanga.

"Anakuyezani ndani?"

"Dokotala, Mayi."

"Dokotalayo amakuonani kangati pa chaka? Ine ndimakuonani tsiku lililonse. Maso anuwo ndi a bipi. Idyani."

Lesitilantiyo inali chipinda chimodzi chachitali. Munali tebulo limodzi lokutidwa ndi pulasitiki wamaluwa, mabenchi awiri, ndowa yosambira m'manja pakhomo, ndi fani ya padenga imene inkazungulira ikamva kufuna. Mufunsa kuti nanga tinkapitirako chiyani. Mbale zawo zinkadzaza mpaka msuzi kutayikira, chakudya chinkabwera chikufuka nthunzi, ndipo tinkawaopa. Chachitatuchi ndiye chinali chachikulu. Ometa tsitsi aja anayesapo kukadya kwina masiku awiri. Tsiku lachitatu Mayi anapita kunyumba kwa ometa tsitsiwo, atavala nkhope ya chisoni, kukafunsa akazi awo kuti mwambo wa maliro uyamba nthawi yanji.

Mchere unalipo ndithu, ndisawanamizire omwalira. Unali m'kabotolo kamodzi kamene kale kanali ka mankhwala a chifuwa. Chivindikiro chake anachiboola ndi msomali mabowo atatu, ndipo limodzi linatsekeka kalekale. Kabotoloko kankakhala m'thumba la epuloni yawo. Ukalowa, sunkasankha pokhala. Ankakuloza ndi chipande: "Inu apo. Inu uko. Sunthani, benchi si lanu." Onse akakhala, ankatuluka m'khitchini mwaulemu wonse n'kukaika kabotolo kaja patsogolo pa munthu amene iwe sufuna kumuyankhula pa dziko lonse lapansi. Lamulo linali limodzi: kabotolo sikayenda kopanda kupemphedwa ndi pakamwa.

Ine ndine telala. Pa tebulo limenelo ndinadya zaka zisanu ndi ziwiri osalawa mchere ngakhale kamodzi, chifukwa kabotolo kanga ankakaika patsogolo pa mng'ono wanga, kalipentala wa kumapeto kwa msewu. Ine ndi iyeyo sitinkayankhulana. Mayi anadzipatsa okha ntchito yoti atiyankhulitse, popanda wowapempha.

Ena ankagonja msanga. Panali abusa a tchalitchi cha pakona, amene anagula zokuzira mawu zazikulu n'kuziloza pa windo la anesi ogwira ntchito ya usiku. Anesiwo akangofika m'mawa kuti agone, abusa ankayamba kuyesa makina: "Haleluya, wanu, thu! Wanu, thu!" Anthu awiriwa anasiya kupatsana moni. Mayi anawakhazika moyang'anizana, kabotolo patsogolo pa anesi. Abusa anapempherera chakudya. Analawa. Anapemphereranso kachiwiri, motalikirapo, koma kumwamba sikunatsike kanthu.

"Anesi," anatero chapansipansi, "mundipatsireko kabotoloko."

"Mwati bwanji, abusa? Simukumveka. Mwaiwala chokuzira mawu?"

Tebulo lonse linafa nako kuseka, abusa nawonso anaseka chifukwa panalibe kothawira. Sabata yotsatira zokuzira mawu zinatembenuzidwa. Zinaloza nyumba ya aphunzitsi opuma pa ntchito, amene sanalakwire munthu.

Aphunzitsiwo ndiwo anali ochenjera pakati pathu, mwa kuona kwawo. Anayamba kubwera ndi mchere wawo m'kabokosi ka machesi. Ankakatsegulira pansi pa tebulo, n'kutsina pang'ono, kenaka n'kukweza dzanja pamwamba pa mbale ngati akuthamangitsa ntchentche. Zinayenda sabata imodzi. Tsiku lina anangomva mpweya wotentha m'khosi.

"Aphunzitsi, mwayamba kusuta?"

"Ayi, Mayi."

"Nanga machesi m'nyemba zanga akufunamo chiyani?"

"Ndimangoyenda nawo, mwina magetsi..."

"Zaka makumi atatu mukugwira ana obera mayeso, lero mukubera nyemba. Bweretsani."

Kabokosiko anakakhomera pa khoma ndi msomali, pamwamba pa ndowa, kuti aliyense wosamba m'manja aphunzirepo. Aphunzitsi sanasiye kubwera. Akazi awo atamwalira, ndi Mayi omwewa amene ankanyamula mbale kukawagogodera m'mawa ndi madzulo kwa miyezi itatu, n'kuima pakhomo mpaka mbale itayera, uku akuwanyoza kuti amatafuna ngati akuwerenga mayina m'kalasi. Ndi mmene ankakondera anthu. Akakusiya osakunyoza sabata yathunthu, unkayamba kudzifunsa kuti wawalakwira chiyani.

Tsopano za ine ndi mng'ono wanga. Ndikanakonda kunena kuti tinalimbirana munda kapena nyumba, chifukwa zimenezo zimamveka zaulemu. Zoona zake n'zakuti ndili ndi pakamwa. Amayi athu otibereka anadwala zaka ziwiri, mbali imodzi ya thupi itafa. Anawatenga ndi mng'ono wanga. Iye ndi mkazi wake ndiwo ankawasambitsa, kuwatembenuza, kuwamwetsa ndi supuni. Ine ndinkapita Lamlungu, nditanyamula nthochi ndi malangizo. Tsiku limene anamwalira ndinafika mochedwa, atatseka kale maso, ndipo mtima unandiwawa kuti sindinaitanidwe msanga. Pamaso pa abale onse ndinamuyang'ana n'kunena kuti, "Wachita bwino. Wawasamala mpaka wawamaliza."

Sanandimenye. Bola akanandimenya. M'mawa mwake tinakumana pa msewu, iye n'kuvula chipewa: "Mwadzuka bwanji, atelala?" Munthu amene kuyambira ali wamng'ono ankanditcha achimwene, amene ndinkamubereka kumsana popita kusukulu, anandisandutsa dzina la pa chikwangwani. Ine, poti ndine wamkulu komanso wanzeru, ndinayankha kuti, "Ndadzuka, akalipentala." Tinatsekera pamenepo.

Mayi Wakolera anamva nkhaniyi tsiku lomwelo, chifukwa mu msewu wathu nkhani inkayamba yafika kwa iwo isanafike kwa eni ake. Kuyambira pamenepo malo anga anali pakati pa benchi la kukhoma, ake pa benchi linalo, maso ndi maso, mawondo kutsala pang'ono kugundana. Kabotolo kankaima pafupi ndi mbale yake.

Ndinayesa njira zonse za munthu wophunzira. Tsiku lina ndinatembenukira kwa aphunzitsi.

"Aphunzitsi, tawauzani akalipentala kuti kabotoloko sanakagule ndi iwo."

Mutu unatulukira pa kawindo. "Atelala, pano si pa positi ofesi. Muli ndi pakamwa. Msewu wonse ukudziwa kuti muli napo."

Tsiku lina ndinabwera mochedwa dala, nthawi itakwana thu koloko. Ndinapeza mng'ono wanga atakhala, mbale kulibe. Mayi anali atamuuza kuti mpunga sunapse, pamene ena onse anali atadya n'kupita. Nditangokhala ine, mpunga unapsa nthawi yomweyo.

Iye nayenso anatopa, anasiya kubwera. Tsiku loyamba Mayi analekerera. Tsiku lachiwiri anatuluka m'khitchini, manja m'chiuno, anthu khumi ndi awiri atasamba kale m'manja.

"Lero kulibe kudya."

"Bwanji, Mayi?"

"Tebulo silinakwane. Ine sindipakulira tebulo loperewera."

Njala ndi yoopsa, abale. Abusa, anesi, aphunzitsi ndi ometa tsitsi ananyamuka gulu limodzi, kwa nthawi yoyamba akugwirizana pa chinthu, ndipo patapita mphindi khumi anabwera naye ali pakati pawo, pensulo ikadali kukhutu, utuchi uli m'tsitsi. Anakhala pamalo pake. Kabotolo kanabwera. Tinadya.

Panapita zaka zitatu ndisanazindikire chinthu china. Kabotolo kankakhala pafupi ndi dzanja lake, palibe amene akanamuletsa kuthira, koma iye sankakagwira. Ankadya nyemba zozizira mkamwa zomwezo, ngati ine. Poyamba ndinati ndi matama. Kenaka ndinasiya kunena kuti ndi chiyani.

Mayi anandiitanapo kamodzi kukhitchini. Ndinawapeza akusenda anyezi, osandiyang'ana n'komwe.

"Atelala, nsalu mukaidula molakwika mumatani?"

"Ine sindidula molakwika."

"Diresi langa lija munalisoka mkono umodzi wautali."

"Ndi phewa lanu lopendekeka, Mayi."

"Mwaona? Ndi matenda anu amenewo. Singano yanu yakuthwa ili pakamwa, ya pa makina ija n'njobuntha. Mawu ake ndi amodzi okha, ngakhale mwana woyamba kuyankhula amawatha. Kapena mukudikira kuti mudzawanenere pa manda enanso?"

"Ine ndine wamkulu. Ayambe ndi iye."

"Wamkulu pa chiyani? Pa nsapato?" Anandiloza chitseko ndi mpeni. "Pitani, mukundiliritsa ndi uchitsiru wanu."

Ndinawauza kuti ndi anyezi. Anandigenda ndi khoko lake.

Sindinganame kuti ntchito yawo sinaphule kanthu. Pofika chaka chachisanu, ine ndi mng'ono wanga tinali titapeza chinthu chimodzi chogwirizana, chomwe chinali kudandaula za chakudya. Sitinkayankhulana, ayi. Ine ndinkauza denga kuti, "Nyama ya lero inafa ndi ukalamba." Iye n'kuuza supuni yake kuti, "Ndi msuzi womwe uli pa maliro." Aphunzitsi ankati kumeneko n'kukambirana kudzera mwa katundu. Mayi ankamva zonse ali kukhitchini, ndipo tsiku lotsatira nyama inkabwera yolimba kuposa dzulo lake. Ndikukhulupirira kuti ankachitira dala. Ndikukhulupiriranso kuti mwina sankatha kuphika nyama. Zonse ziwiri n'zotheka.

Anamwalira Lachiwiri m'mawa, atakhala pa kampando kawo kukhitchini, thireyi ya nyemba ili pamiyendo, akusankha timiyala. Anawapeza ndi mwana wawo wamkazi, amene anali atasiya ntchito yophika ku hotela kuti adzawathandize. Dokotala anati ndi magazi omwe aja. Zaka khumi ndi zisanu msewu wonse ukumwa nawo mankhwala, koma sanagwire. Aphunzitsi atamva anakhala pansi pa khonde la shopu yanga n'kuyamba kulira ngati mwana.

Chakumasana mwana wawo uja anabwera ku shopu, maso ali otupa.

"Atelala, Amayi anasiya mawu. Anandiuza kawiri, chaka chatha ndi mwezi wathawu."

"Anati chiyani?"

"Anati bokosi lawo akhome akalipentala, nsalu ya mkati muike ndinu. Ndipo anati musatumize nsaluyo ndi munthu. Mupite nokha."

Amene sanaikepo nsalu m'bokosi la maliro sangamvetse chiwembu chimenechi. Ntchito imeneyo munthu mmodzi saitha bwino. Wina amakoka nsalu kuti iwongoke n'kuipinda timapinda, wina amakhoma timisomali pomwe pali chala cha mnzakeyo. Mitu imagundana. Manja amakhudzana. Mayi anali atagona m'nyumba yozizira ya kuchipatala, koma anali akutilozabe pokhala.

M'mawa mwake ndinasankha nsalu yoyera yabwino kuposa zonse zimene ndinali nazo, ndinaipinda, ndinanyamuka. Shedi ya mng'ono wanga ndinali ndisanalowemo zaka zisanu ndi ziwiri. Fungo la matabwa linali lomwe lija. Bokosi linali pa mabenchi awiri, latha kale kupalidwa. Iye anandiyang'ana, anayang'ana nsalu, anatapa timisomali n'kutiika pakamwa monga amachitira akalipentala onse. Ndinaona kuti zamukomera, chifukwa munthu wodzaza misomali mkamwa palibe angamuyembekezere kuyankhula.

Tinayambira kumutu. Ine kukoka, iye kukhoma. Ndinaona kuti tsitsi lake layera m'mbali, ndipo chala chake chimodzi chinali ndi chipsera chachikulu chimene sindinkachidziwa. Mwana wa mayi anga anadzicheka chala mpaka kusokedwa, ine ndili mayadi mazana awiri kuchokera pamenepo, osamva. Tinkakhala maso ndi maso tsiku lililonse, koma ine ndinkayang'ana kabotolo.

Pakamwa panga panayamba pokha, mwa chizolowezi. Panatsala pang'ono kunena kuti bokosi lapendekeka. Ndinapatseka. Ndinayesanso.

"Iwe," ndinatero. Hamala inaima. "Amayi athu unawasamala ndiwe. Iwe ndi mlamu. Ine ndinkangobwera ndi nthochi."

Anakhoma kamsomali kamodzi.

"Mawu aja ndinanena chifukwa ndinkachita manyazi. Ndinalakwa. Pepa."

Anakhoma kachiwiri, kachitatu. Ndinaganiza kuti basi, ndachedwa, ndipo ndinalibe womudandaulira chifukwa wondichedwetsa ndinali ndekha. Kenaka analavulira timisomali totsala m'dzanja lake, anapukuta pakamwa ndi mkono, maso ali pa bokosi.

"Kokani mbali iyi, achimwene. Yakwinyika."

Ndinakoka. Maso anali atadzaza madzi moti sindinkaona chimene ndikukoka, ndipo nsalu yanga yabwino ija inangoti pwee, kung'ambika utali wa dzanja. Tinaima tonse awiri tikuyang'ana. Iye anayamba kuseka, ine n'kutsatira, ndipo tinaseka mpaka tinakhala pansi pa utuchi, amuna awiri aimvi pambali pa bokosi la maliro, osadziwanso ngati tikuseka kapena tikulira. Pong'ambikapo ndinapasoka pamanja, tinapatembenuzira kumapazi. Mayi Wakolera anapita ndi chigamba. Akanadzuka, tikanamva zathu.

Papita miyezi inayi tsopano. Lesitilanti ikuyenda, mwana wawo ndiye akuiyendetsa. Anapaka penti, anakonzetsa fani, anagula matebulo ang'onoang'ono a anthu awiriawiri. Mtsikanayo amaphika bwino zedi, mwatsoka. Amatilandira ndi ulemu, amatifunsa ngati takhuta, amatithokoza potuluka. Anthu amalowa, aliyense n'kukhala payekha ndi foni yake, kudya, kupita. Abusa ndi anesi amangogwedezerana mitu patali. Aphunzitsi amabwera mwa apo ndi apo, ndipo aonda. M'chipindamo mumamveka masupuni okha. Miyezi inayi yathunthu palibe wandinyoza, moti ndinatsala pang'ono kuyamba kukhulupirira kuti ndine munthu wabwino. Ndimawasowa Mayi aja, ndipo zimandipweteka kuti chimene anachivutikira zaka zisanu ndi ziwiri chinachitika iwo atapita ndi tsiku limodzi lokha.

Mng'ono wanga amadzanditenga ku shopu nthawi ya nkhomaliro. Poyamba tinkayankhulana mosamala ngati alendo a pa basi: za mvula, za mitengo ya matabwa, za ana. Ulemu unachuluka mpaka ndinayamba kuopa kuti tidzakhala choncho mpaka kufa. Koma dzana, tili pakati pa kudya, anaika supuni pansi n'kuyamba kundiyang'ana pakhosi nthawi yaitali.

"Achimwene, kolala ya malaya anuwo mwasoka nokha, kapena munachita nayo ngozi?"

Ndisanamuyankhe n'komwe, ndinapezeka ndatembenukira ku kawindo ka kukhitchini kuti ndione ngati amva. Kunali mwana wawo yekha, atatipatsa msana, akutsuka mapoto.